Dzino likamawawa pambuyo pa root canal: kamwedwe ka Brufen ndi Panado

Dzanzi la jakisoni limanamiza. Umatsika pampando wa dokotala wa mano mlomo uli lende, tsaya lili ngati la mwini, mtima uli m'malo poganiza kuti dzino lomwe lakusowetsa tulo sabata yathunthu lagonja. Umakwera minibasi, kufika pakhomo, mwinanso kuyamba kugwiragwira tintchito. Ndiye dzuwa likamapendeka dzanzi lija limasungunuka, ndipo ukangoti ulumanitse mano, dzino lomwe lija limabaya mpaka m'khutu. Ine zinandionekera pa dzino lotafunira la m'munsi. Usiku umenewo ndinagona chokhala, nditagwira tsaya, nditatsimikiza kuti kukacha ndikalizulitsa basi. Mwayi wake sindinatero, ndipo dzinolo ndikutafunira mpaka lero. Ntchito ya adokotala inalibe vuto. Cholakwika chinali changa: mankhwala anali m'thumba, koma ndinadikira kuti ululu uyambe wafika.

Kwathu kuno dzino likavuta ambiri timathamangira kozula. Amene wapeza mwayi wa root canal, chithandizo chotsuka m'kati mwa dzino m'malo molizula, ndiye kuti wataya nthawi, ndalama, mwinanso ulendo wautali kuti dzino lake lipulumuke. Zimandiwawa kumva munthu wotere akufuna kulizula chifukwa cha masiku awiri kapena atatu a ululu womwe ukanatha kuchepetsedwa ndi mankhwala opezeka paliponse. Malangizo awa ndi a munthu wamkulu. Mwana mlingo wake umatengera sikelo, ndipo ngati adokotala akulemberani zosiyana ndi zomwe zili pano, tsatani zawozo chifukwa ndiwo aona m'kamwa mwanu.

Poti mtsempha anachotsa, chikuwawa n'chiyani?

Funso limeneli likayankhidwa, zina zonse zimamveka zokha. Pa root canal dokotala amaboola dzino pamwamba, n'kuchotsa kamnofu kofewa ka m'kati komwe kamakhala ndi mitsempha. Kenako amapala timphako ta m'mizu ndi tizitsulo tonga singano, n'kutsuka ndi mankhwala opha tizilombo. Ngati munamva kafungo konga ka Jik simunalakwe, mankhwala otsukirawo ndi a mtundu womwewo. Pomaliza amatseka timphakoto ndi zinthu zonga labala zotchedwa gutta-percha, pena tsiku lomwelo, pena pa ulendo wachiwiri. Dzino lakutsogolo kawirikawiri limakhala ndi kamphako kamodzi, lotafunira titatu kapena tinayi.

M'kati mwa dzino tsopano mulibe chomva ululu. Koma dzino silikhala m'nsagwada ngati msomali m'thabwa. Lazunguliridwa ndi tiulusi ta mnofu tomwe timaligwiriziza ku fupa, ndipo tiulusi timeneti tili moyo, tili ndi mitsempha yaketake. Kunsonga kwa muzu, komwe matenda anali atafika kale ndiponso komwe tizitsulo tija timakagunda, mnofu umenewu umatupa. Kutupako kuli m'fupa, mopanda malo otambasukira, n'chifukwa chake dzino limamveka ngati latalika kuposa anzake, ndipo limabaya mukaluma. Ululu wotere umakula kwambiri tsiku loyamba ndi lachiwiri, kenako umayamba kutsika.

Pamalo potupa thupi limatulutsa timadzi totchedwa prostaglandin, tomwe timakulitsa kutupa ndi kuchititsa mitsempha kumva ululu msanga. Ibuprofen, yemwe ambiri timamudziwa kuti Brufen, amaletsa thupi kupanga timadzi timeneti. Panado, yemwe dzina lake lina ndi paracetamol, sachotsa kutupa kwenikweni. Iye amachepetsa ululu kudzera njira ina, ku ubongo. Poti aliyense amagwira mbali yake, awiriwa akaphatikizana amathandiza kuposa mmodzi payekha. Bungwe la madokotala a mano ku America, la American Dental Association, m'malangizo ake a 2024 linaika mankhwala a gulu la ibuprofen, paokha kapena pamodzi ndi paracetamol, patsogolo pa ena onse pothana ndi ululu wa mano.

Gawo loyamba: musanakhale pampando

Idyani musanapite. Mukatuluka mudzakhala ndi dzanzi maola angapo, kutafuna kudzavuta, pomwe Brufen safuna m'mimba mopanda kanthu. Tengani kabuku kanu ka kuchipatala ndi mankhwala onse omwe mumamwa, m'mapaketi mwake.

Ndiye lankhulani. Apa ndichedwapo, chifukwa Brufen si wa aliyense. Mankhwalawa anayamba kugulitsidwa ku Britain mu 1969, choncho ubwino wake ndi kuipa kwake komwe n'zodziwika bwino. Timadzi tomwe amaletsa tija sitimangobweretsa ululu. Timatetezanso khungu la m'kati mwa chifu, ndipo timathandiza kuti magazi aziyenda bwino mu impso. Mukatitseka kudzino, mwatitsekanso kumeneko.

Amene anadwalapo zilonda zam'mimba, kapena anasanzapo magazi, asamwe Brufen. Chimodzimodzi wodwala impso, ndi wodwala mtima uja amatupa miyendo ndi kubanika. Mayi woyembekezera apewe, makamaka mimba ikapitirira masabata 20. Wake ndi Panado. Woyamwitsa yekha ndiye angamwe onse awiri pa mlingo woyenera. Wa mphumu amene chifuwa chinam'banikapo atamwa aspirin kapena Brufen asayerekeze. Amene amamwa warfarin kapena mankhwala ena oletsa magazi kuundana asamwe popanda chilolezo cha dokotala wake.

Palinso ena omwe sikuti aletsedweratu, koma afunika kuunikidwa kaye: okalamba, odwala shuga kwa zaka zambiri, ndi a BP, makamaka omwe amamwa enalapril pamodzi ndi hydrochlorothiazide, chifukwa kuwonjezerapo Brufen kumalemetsa impso. Ma ARV omwe akuluakulu ambiri akumwa m'Malawi muno ali ndi tenofovir, yemwenso amadutsira mu impso. Musachite manyazi kuwauza adokotala a mano. Chinsinsi chanu amasunga, ndipo adzaona ngati mungamwe Brufen masiku ochepa kapena mukhale pa Panado yekha. Ma ARV enieniwo musadumphitse ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha dzino.

Panado naye ali ndi omukana. Wodwala chiwindi, womwa mowa tsiku ndi tsiku, yemwe ali pa mankhwala a TB, ndi munthu wochepa thupi wosafika makilogalamu 50, afunse mlingo wocheperapo.

Safunsa anadya phula. Musanatsike pampando funsani motere: "Adokotala, mankhwalawa ndi a mamiligalamu angati, ndizimwa maola angati aliwonse, ndipo kwa masiku angati? Nanga usiku kukatupa ndithamangire kuti?" Zilembedwe m'kabuku muja.

Gawo lachiwiri: mbulu woyamba, dzanzi lisanathe

Apa ndi pomwe ine ndinaphonya. Brufen amatenga theka la ola kapena ola lathunthu kuti ayambe kumveka, ndipo amagwira bwino kutupa kukamayamba kumene kusiyana ndi kukakhwima. Moto wa tchire umazimitsika ndi chitsamba ukadali pamalo amodzi. Ukayanga dambo lonse, chitsamba chomwecho sichikwanira.

Choncho pasanathe ola mutatuluka, mlomo ukadali wolemera, ikani kenakake kofewa m'mimba. Kapu ya mkaka, yogati, nthochi yakupsa, kapena phala lozizira, zakwana. Pewani tiyi wotentha, mungapse osadziwa, ndipo samalani kuti musadzilume tsaya kapena lilime. Kenako imwani Brufen wa 400 mg ndi kapu yodzaza ya madzi.

Onetsetsani pa paketi. Mibulu ya Brufen ilipo ya 200 mg ndi ya 400 mg, ndipo mtundu wake, kaya wapinki kaya woyera, sukuuzani mphamvu yake. Ngati ndi ya 200 mg mumwa iwiri, ngati ndi ya 400 mg umodzi basi. Akakupatsirani m'kathumba ka pulasitiki kaja kojambulidwa dzuwa ndi mwezi, pemphani kuti alembepo dzina la mankhwala ndi mamiligalamu ake, osangoti 1×3.

Gawo lachitatu: tsatani wotchi, osati ululu

Masiku awiri oyambirira musamadikire kuti dzino likukumbutseni. Imwani pa nthawi yake ngakhale mukumva bwino, chifukwa kumva bwinoko ndi mankhwala omwe akugwira ntchito.

Brufen wa 400 mg amwedwe katatu pa tsiku, motalikirana maola 8, mutadya. Zimenezi zikukwana 1,200 mg, ndipo pamenepa ndi polekezera kwa munthu amene wadzigulira yekha. Dokotala atha kukulemberani wopitirira apo, mpaka 2,400 mg pa tsiku, koma chimenecho ndi chiganizo chake, osati chanu. Panado ndi mibulu iwiri ya 500 mg nthawi imodzi, motalikirana maola 6, osapitirira mibulu 8 pa maola 24.

Mutha kumwa onse awiri nthawi imodzi, palibe choletsa. Koma ine ndimakonda kuwasinthanitsa, kuti wina akamafooka mnzake akhale akulowa. Tsiku lake limaoneka chonchi: 6 koloko m'mawa phala ndi Brufen, 10 koloko Panado, 2 koloko masana Brufen mutadya nkhomaliro, 6 koloko madzulo Panado, 10 koloko usiku Brufen ndi kenakake kakang'ono kodya. Ululu ukakudzutsani cha m'ma 2 koloko usiku, Panado ndiye wa nthawi imeneyo, ndipo iye savuta ngakhale m'mimba mulibe kanthu. Tsiku la root canal lenilenilo muyambira pa ola lomwe mwamwa mbulu woyamba, n'kumawerengera kuchokera pamenepo.

Lembani. Tengani pepala, mulimate pakhoma kapena muliike pansi pa kapu yomwera madzi, ndipo mbulu uliwonse ukalowa lembani ola lake. Munthu amene wadzuka pakati pa usiku dzino likugunda sakumbukira kuti anamwa liti, ndipo ndi mmene anthu amabwerezera mankhwala mosadziwa. Alamu ya pafoni imathandizanso. Mukaiwala nthawi ina, imwani pomwe mwakumbukirapo n'kuyambiranso kuwerenga. Osaphatikiza milingo iwiri kuti mubweze.

Imwani madzi ambiri, makamaka miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Mukayamba kutsegula m'mimba kapena kusanza, siyani Brufen kufikira mutachira, chifukwa thupi likauma impso zimavulala msanga. Ngati muli pa kusala kudya, kambiranani ndi adokotala pokonza tsiku, kuti masiku omwa mankhwala asagwere pomwe m'mimba mukhala mopanda kanthu tsiku lonse. Mowa dikirani kaye: ndi Brufen umakanda chifu, ndi Panado umalemetsa chiwindi.

Gawo lachinayi: a banja limodzi asakumane

Ululu ukavuta, pakhomo pamapezeka alangizi ambiri. Azakhali atulutsa Indocid wawo wa nyamakazi, aneba abwera ndi diclofenac yemwe anatsala pomwe msana unawavuta, wina akuti aspirin ndiye weniweni. Onsewa, pamodzi ndi naproxen, ndi a banja limodzi ndi Brufen. Kuwaphatikiza sikuchepetsa ululu kawiri, kumangochulukitsa ngozi ya zilonda zam'mimba ndi impso. Sankhani mmodzi. Ngati adokotala akulemberani diclofenac, ndiye kuti Brufen wachoka pa ndandanda.

Msampha wina uli m'mankhwala osakaniza. Ambiri a chimfine ndi a mutu amakhala kale ndi paracetamol kapena aspirin m'kati. Abale omwe ali ku Joni amadziwa ufa wa Grand-Pa: muli aspirin, paracetamol ndi caffeine. Myprodol muli ibuprofen, paracetamol ndi codeine. Womwa amenewa pamwamba pa Brufen ndi Panado wadutsa mlingo asakudziwa. Werengani timalemba ta pa paketi, kapena muonetseni wa ku famase. Ndipo Panado wopyola muyeso ndi woopsa mwakachetechete: chiwindi chimawonongeka munthu akumva bwinobwino tsiku loyamba. Mukazindikira kuti mwapitirira mibulu 8, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire zizindikiro.

Amene amamwa aspirin wamng'ono tsiku lililonse chifukwa cha mtima asasiye yekha, komanso asawonjezere Brufen asanafunse.

Makapisozi, monga amoxicillin, si mankhwala a ululu. Amapha tizilombo, ndipo pambuyo pa root canal amafunika pokhapokha matenda akamafalikira, munthu akatupa kapena kutentha thupi. Musadzigulire. Komanso musaike mbulu wa aspirin pa nkhama kapena m'mbali mwa dzino. Umawotcha mnofu n'kusiya chilonda choyera, dzino likuwawabe. Mankhwala gulani ku famase yovomerezeka, osati omwe atandala padzuwa pamsika.

Gawo lachisanu: lipumitseni dzinolo

Mankhwala sangapambane ngati mukulimenyabe pamalo potupa. Tafunirani mbali inayo. Phala, mazira, mbatata yophika, maungu, nsima yofewa ndi ndiwo zamsuzi, izi zili bwino. Nzimbe, chimanga chootcha, mtedza wokazinga ndi mafupa a nkhuku ziyembekezere, osati masiku atatu okha ayi, koma mpaka dzino litamatidwa komaliza. Mpunga usankhidwe bwino. Kamwala kamodzi kakwanira kung'amba dzino lomwe langobooledwa kumene. Chingamu ndi maswiti omata amazula chomatira chongoyembekezera chomwe adokotala atsekera bowo la dzinolo.

Lilime limakonda kupita pomwe pachitika zachilendo, ndipo munthu umafuna kumaluma pang'ono kuti uone ngati pakuwawabe. Lekani kuliyesa.

Tsiku loyamba kuzizira kumathandiza. Kulungani ayezi kapena firizesi m'kansalu, muike patsaya mphindi 15, muchotse, mupumule, mubwerezenso. Nsalu yotentha pa tsaya lotupa ayi. Kuyambira tsiku lotsatira chukuchani pang'onopang'ono ndi madzi ofunda othira mchere, theka la supuni yaing'ono pa kapu imodzi, katatu kapena kanayi pa tsiku. Amatonthoza nkhama zomwe zinabayidwa jakisoni ndi kupanidwa ndi zitsulo. Mano tsukani monga mwa masiku onse, mswachi uziyenda mofatsa pa dzinolo. Pogona sanjikizani mapilo awiri, chifukwa mutu ukatsika dzino limagunda kwambiri.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: tsiku lachitatu, yambani kutsitsa

Pofika apa ambiri amaona kuti ululu wopumira uja watha, kwatsala kanthete poluma. Siyani kutsata wotchi, muzimwa pokhapokha pakafunika, ndipo muyambe kusiya Brufen, Panado atsalire kumbuyo. Kanthete kameneka katha kukhalapo sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono, bola kazichepa tsiku ndi tsiku. Ngati padutsa masiku asanu musakutha kukhala opanda mankhwala, nkhani yake si yowonjezeranso mibulu, dzino likaonedwe.

Pali chinthu chimodzi chaching'ono chomwe chimazunza anthu pachabe. Pomata dzino munali ndi dzanzi, ndiye pomwe adokotala ankati "lumani" simunathe kumva bwino. Chomatiracho chikatalika ngakhale pang'ono, dzino limenelo ndi lomwe limayamba kugunda nthawi iliyonse mukatseka pakamwa, ndipo tiulusi totupa tija sitipeza mpata wochira. Yesani dzanzi litatha: tsekani pakamwa pang'onopang'ono. Ngati dzinolo likukhudza lisanafike lina lililonse, bwererani mukanene kuti, "Adokotala, likuyamba ndi ili kugunda." Amakulumitsani kapepala kopaka utoto, n'kupala pomwe padinda. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, nthawi zambiri yopanda jakisoni, ndipo palibe Brufen amene angalowe m'malo mwake.

Zofuna kubwerera kuchipatala

Pitani kwa dokotala wa mano tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake ngati ululu ukukula m'malo mochepa pakadutsa masiku awiri kapena atatu, ngati mankhwala sakugwira n'komwe, ngati nkhama zatupa kapena zikutuluka mafinya, ngati thupi latentha, kapena ngati chomatira chagwa chonse kapena dzino lang'ambika. Zimachitika ndithu kuti tizilombo totsalira kunsonga kwa muzu tidzuke pakati pa maulendo awiri. Sindiye kuti dzino latayika; dokotala amalitsegula, kulitsukanso, mafinya n'kutuluka, ndipo mpumulo umabwera msanga.

Koma pali zina zosadikira kuti kuche. Kutupa kukatsikira kunsi kwa chibwano ndi m'khosi, kapena kukakwera mpaka diso kuyamba kutsekeka. Pakamwa pakakanika kutseguka. Malovu akamavuta kumeza, mawu akasintha, kapena mpweya ukamabanika, nyamukani usiku womwewo. Kaya ndi ku Queens ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zomba, ku Mzuzu, kapena pa chipatala cha boma chomwe chili pafupi, pitani kolandirira odwala mwadzidzidzi, musafunefune dokotala wa mano. Matenda a dzino la m'munsi akalowa pansi pa lilime amatha kutseka njira ya mpweya m'maola ochepa.

Mankhwala nawonso akakukanani amaonetsa. Kutentha pamtima kapena kupweteka pachifu, siyani Brufen mukhale pa Panado. Chimbudzi chakuda bii ngati phula, masanzi a magazi kapena onga khofi, mkodzo wochepa kwambiri, miyendo yotupa, zidzolo, milomo kapena nkhope yofufuma, chifuwa cholira: siyani pomwepo, mutenge paketi yake m'manja, mupite kuchipatala.

Ululu ukatha, ulendo wotsiriza uja musauphonye. Chomatira chongoyembekezera chinapangidwira masabata ochepa, chimaperepeseka, ndipo malovu akalowa amabwezera tizilombo m'timphako tomwe tinatsukidwa. Dzino lotafunira lomwe labooledwa chonchi limakhala losalimba ngati kale, choncho kawirikawiri limafuna kuvekedwa chisoti chomwe madokotala amati crown. Funsani mtengo wake ndi tsiku lake musanachoke pa ulendo woyamba, mulilembe pa pepala lomwe lija mukulembapo maola a mankhwala.